Galasi Lam'manja Kapena Maikulosikopu Pozindikira Nthata za M'maluwa

Mango akachita maluwa ku Chipata mu Ogasiti, munthu akagwedeza nthambi pamwamba pa pepala loyera amaona timadontho tikuyendayenda, tomwe ndi nthata ndi tizilombo tina ting'onoting'ono. Galasi lam'manja lokuza kakhumi limakwanira kuwerengera miyendo: nthata zambiri zokhwima zili ndi 8 pamene tizilombo ta thrips, tomwe ndi tating'ono, totalikirapo ndiponso timapezeka m'maluwa, tili ndi 6, ngakhale kuti kanthata kongoswa kumene kalinso ndi 6 ndipo kamasokoneza ambiri. Ntchito ya galasilo imathera pomwepo.

Maikulosikopu ndi yodula ndiponso imadya nthawi, chifukwa nthata imayamba yasungidwa mu ethanol wa 70 peresenti, kenako n'kuikidwa pakagalasi m'mankhwala a Hoyer, omwe amathandiza kuti nthatayo ioneke bwino. Komatu ndi imene imaonetsa bwino tiubweya ta pamsana timene akatswiri amawerenga posiyanitsa banja la Phytoseiidae, lomwe limathandiza mlimi podya nthata zowononga mbewu, ndi la Ameroseiidae, lomwe nthata zake zina zimadya mungu n'kumakwera njuchi pochoka duwa lina kupita lina.