Kumanga cyclecar kapena kumata timagalimoto ta mapepala: chimene chikumuyenera wokhala mu Lilongwe

Anthu okonda magalimoto akale ali ndi ntchito ziwiri zamanja zimene amatayirapo nthawi yawo yopuma. Yoyamba ndi kumanga galimoto yokwereka, yotengera ma cyclecar, timagalimoto topepuka ta zaka za m'ma 1910 ndi 1920. Yachiwiri ndi kudula, kupinda ndi kumata mapepala mpaka patatuluka kagalimoto kokwana m'chikhatho. Ambiri amaganiza kuti yoyambayo ndi ya a ndalama ndipo yachiwiriyo ndi ya amene alibe, koma nkhani siyagona pa thumba pokha. Kwa munthu wokhala mu Lilongwe, chimene chikusiyanitsa ziwirizi ndi kuchuluka kwa manja a anthu ena amene ntchitoyo idzadutsemo, komanso malo amene chinthucho chidzakhale chikadzatha.

Cyclecar inayamba cha m'ma 1910 ku France ndi ku England, pa nthawi imene galimoto inali ya anthu achuma okhaokha ndipo wamba ankathera pa njinga yamoto. Amisiri anatenga injini ya njinga yamoto, kawirikawiri ya masilinda awiri oima ngati chilembo V ndiponso yozizira ndi mphepo, n'kuiika pa chimango chopepuka, mphamvu yake ikufika ku mawilo kudzera pa lamba kapena tcheni. Bédélia ya ku Paris, yopangidwa ndi Robert Bourbeau ndi Henri Devaux, inali yopapatiza kwambiri moti anthu awiri ankakhala wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo woyendetsa ndiye ankakhala kumbuyoko. GN ya H. R. Godfrey ndi Archie Frazer-Nash inayamba ndi chimango cha matabwa ndi malamba, kenako inadzatchuka ndi matcheni. Morgan ya mawilo atatu, yochokera ku Malvern, inaonetsedwa koyamba ku London mu 1910. Mu 1920 boma la France linaika msonkho wochepa, mafaranki 100 pa chaka, pa galimoto yosapitirira makilogalamu 350, ya injini yosaposa 1,100 cc ndiponso yonyamula anthu osaposa awiri, ndipo makampani ngati Amilcar ndi Salmson anakulira m'lamulo limeneli. Zonsezi zinazilala Austin Seven ndi Citroën 5CV zitatuluka mu 1922, chifukwa munthu ankatha tsopano kugula galimoto yaing'ono yamasilinda anayi pa mtengo wosasiyana kwenikweni. Morgan yokha ndiyo inakakamira mawilo atatu mpaka 1952.

Mbiri imeneyi ndiyo imanyenga munthu kuti ntchitoyi ndi yophweka, poti cyclecar kuyambira pachiyambi inali yosonkhetsa zipangizo zobwereka. Kunena zoona, njira zake zilipo ziwiri ndipo n'zotalikirana. Ina ndi kumanga yofanana ndendende ndi yakaleyo, msinkhu womwewo, injini ya JAP (kampani ya ku England yopanga injini za njinga zamoto) kapena yofanana nayo, mawilo aatali oonda, nyali zamkuwa. Njira imeneyi kuno n'kungodzivuta, chifukwa pafupifupi chilichonse chiyenera kuchokera kunja, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza, osanena za msonkho wa pachipata. Njira inayo ndi cyclekart, imene Peter ndi Michael Stevenson anayambitsa ku California: kagalimoto ka munthu mmodzi, kotengera maonekedwe a galimoto zampikisano zakale, ka injini ya Honda GX200 ya 196 cc, mawilo a njinga yamoto a mainchesi 17, mtunda wapakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo pafupifupi mainchesi 66, ndipo kulemera kwake kosapitirira mapaundi 250, amene ndi makilogalamu 113. Iyi ndiyo yoyenera kuiyerekeza ndi mapepala, chifukwa ndiyo yokhayo imene munthu wa ku Area 25 kapena ku Kawale angaimalize.

Zipangizo zake zambiri zilipo mumzinda muno, ndipo apa cyclekart ikuoneka ngati inapangidwira ife. Injini zotengera GX200 zadzaza m'mashopu ogulitsa majenereta ndi mapampu othirira mbewu. Mawilo a masipoko, mabuleki, matcheni ndi masipuloketi zikupezeka chifukwa cha kuchuluka kwa njinga za kabaza, ndipo amene wayendapo ku Biwi amadziwa kuti sipeya yosowa m'shopu imapezeka pa mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja. Pulayiwudi ndi malata osalala a thupi la galimoto sizivuta. Komabe pali msampha umene umakola oyamba kumene: injini zitatu zooneka chimodzimodzi kunja zimasiyana pa shafuti. Ya jenereta imakhala ndi shafuti yosongoka, yonka ichepa kumapeto. Ya pampu kawirikawiri imakhala ya mazinga omangirapo chopalasa madzi. Pamene kilatchi kapena chosinthira liwiro cha lamba chimafuna shafuti yowongoka yokhala ndi kamseu kolowetsapo kiyi. Wogula injini ya jenereta yakale chifukwa chotchipa amadzazindikira ali kunyumba kuti palibe pomangirira kilatchi, ndiye kumayamba kuyendera a makina osemera zitsulo. Chosinthira liwiro cha lambacho, chonga Comet TAV 30, ndicho chimodzi mwa zinthu zochepa zofunika kuitanitsa. Ndipo injiniyo ili ndi gavana woigwira kuti isapyole maulendo 3,600 pa mphindi. Amene amamuchotsa kuti kagalimoto kathamange amaika mutu wake pafupi ndi fulayiwilo (chitsulo cholemera chozungulira pamodzi ndi injini) imene siinapangidwire liwiro lotere, poti mu cyclekart injini imakhala kumbuyo kwenikweni kwa msana wa woyendetsa.

Vuto lalikulu ndi manja. Pokhapokha ngati muli owotcherera nokha, chimango chanu chidzadutsa kwa mmisiri wina, ndipo amisiri athu a ku Mchesi ndi m'mbali mwa misewu, ngakhale ndi aluso, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi mageti, mawindo ndi mabedi. Geti likapindika pang'ono limatsekabe. Chimango cha galimoto chikapotoka ndi kutentha, wilo limodzi limalendewera ndipo kagalimoto kamakokera mbali imodzi moyo wake wonse. Paipi yamakona anayi yopyapyala, ya mamilimita 1.6, imabooka msanga ndi rodi yaikulu ya 3.2, choncho pamafunika rodi yaing'ono, moto wochepa, ndi mmisiri wovomera kugwiriza pang'onopang'ono uku ndi uku, n'kuyeza makona mopingasa asanawotcherere zonse. Pa chiwongolero ndi pa zogwirira mawilo akutsogolo ndiye pofunika kuimirira pomwepo, chifukwa chowotcherera chokongola pamwamba koma chosalowa mkati chimathyoka pokhota, osati galimoto ili chiimire. Onjezani apo kuzima kwa magetsi, mmisiri kupita kumaliro, ndi ntchito ya kasitomala wa geti amene walipira zonse kudumpha yanu, mudzaona kuti nthawi yomalizira siili m'manja mwanu.

Tinene kuti yatha, yapentedwa, injini ikulira. Muiyendetsa kuti? Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu wa boma iyenera kulembetsedwa ku Road Traffic, kukhala ndi nambala, inshulansi ndi COF, pamene cyclekart ilibe nyali, ilibe malamba omangira munthu, ndipo ngakhale kwawo kumene inachokera amaiyendetsa m'malo otchingidwa. Kutsika kwake n'koti woyendetsa lole kapena minibasi sangaione pa galasi akamazungulira pa raundabauti. Chotsala ndi msewu wa pafamu kapena bwalo limene mwini wake wavomera, ndipo kuti mukafike kumeneko mufunika pikapu yonyamulira. Kunyumba ifuna denga, chifukwa mvula ya Novembala mpaka Epulo idzadyetsa chimango dzimbiri ndi kufufumitsa pulayiwudi. Wokhala m'nyumba ya lendi yogawana bwalo ndi mabanja ena aganize kawiri, ndipo a landilodi nawonso adzakhala ndi mawu awo pa phokoso ndi fungo la petulo.

Ntchito ya mapepala ndi yakale kuposa cyclecar. Kampani ya J. F. Schreiber ya ku Esslingen ku Germany inayamba kusindikiza mapepala odula ndi kumata m'zaka za m'ma 1800 ndipo dzina lake likadalipo, pamene ku Poland magazini ya Mały Modelarz yakhala ikutuluka kuyambira 1957, ndipo dziko limenelo ndilo latchuka ndi akatswiri omata ndege pa muyeso wa 1:33, magalimoto pa 1:25 ndi sitima zapamadzi pa 1:200. Masiku ano mapulani ambiri ali pa intaneti, ena aulere ngati a Canon Creative Park, ndipo pulogalamu ya ku Japan ya Pepakura Designer imatenga chithunzi cha mbali zonse chopangidwa pa kompyuta n'kuchiyala kukhala zidutswa zosindikiza. Zofunika zake zimakwana m'katoni ya nsapato: pepala lolimba la magalamu 160 mpaka 200, mpeni wakuthwa, rula yachitsulo, lumo, guluu woyera wa matabwa, ndi kamtengo kosongola kopakira guluuyo. Zonsezi zimapezeka m'mashopu a zolembera ndi a zomangira ku Old Town.

Musaganize kuti kutchipaku kukutanthauza kuphweka. Galimoto ya mamita atatu pa muyeso wa 1:25 imakhala masentimita 12, ndipo cholakwika cha milimita imodzi pamenepo chikufanana ndi masentimita awiri ndi theka pa galimoto yeniyeni. Musanapinde, mumayamba mwadutsa pa mzere ndi bolopeni youma inki, rula ikutsogolera, kuti pepala lipindike pamene mukufuna osati pamene lafuna lokha. Boneti yozungulira simaipinda ndi zala. Mumaikokera pa pensulo kapena pa msomali waukulu mobwerezabwereza mpaka itadzipinda yokha, apo ayi pamatuluka makwinya osachoka. M'mphepete modulidwa mumaoneka moyera, ndipo mmisiri amadziwika ndi kuleza mtima kopaka mphepete iliyonse mtundu wake asanamate. Mawilo a masipoko, amene ndiwo nkhope ya cyclecar, ena amawaluka ndi ulusi wosokera pa kathabwa kokhomedwa mapini mozungulira, wilo limodzi kudya madzulo athunthu. Kusindikiza nakonso kuli ndi kusankha: inki ya pulinta yapanyumba imasungunuka guluu akachuluka kapena chala chikakhala ndi thukuta, pamene ya makina aakulu a m'mabiro siopa madzi koma imang'aluka pa mapindiro n'kusiya mzere woyera. Ine ndimakonda yachiwiriyo, poti mzere wong'aluka umabisika ndi pensulo yamtundu koma banga la inki silibwerera.

Pano ntchito yonse ili m'manja mwanu. Magetsi akazima, kanyali ka sola ndi tebulo zakwanira. Chidutswa chikawonongeka mumasindikiza tsamba lina. Adani ake ndi chinyezi cha dzinja chimene chimafewetsa pepala n'kupotoza denga la kagalimoto, fumbi la Seputembala ndi Okutobala, dzuwa la pawindo lofwifwitsa mitundu, mphemvu zokonda guluu, chiswe, ndi ana. Vanishi wopopera mopyapyala ndi kabati ya galasi zimathetsa ambiri mwa amenewa. Chofooka chake chenicheni n'chakuti kagalimotoko sikayenda, sikalira, ndipo munthu amene chimamukoka ndi kugwira chiwongolero n'kumva kunjenjemera kwa injini sadzakhutira nako ngakhale katakongola motani. Komanso n'zosangalatsa za munthu mmodzi, zofuna maso abwino, ndipo alendo ambiri amaziona ngati zidole za ana, pamene cyclekart ikangotuluka pageti anthu onse a m'dera amasonkhana.

Pali mwayi umodzi umene mapepala ali nawo ndipo sitinaugwiritse ntchito mokwanira. Mapulani ogulitsidwa amakhala a zinthu zakunja monga nyumba za ku Ulaya ndi sitima zankhondo, koma wophunzira kujambula yekha angamange zathu zomwe: sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951 ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 52, ingatuluke masentimita 26 pa muyeso wa 1:200, tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku Blantyre chimene chinatha kumangidwa mu 1891, chipilala cha asilikali cha ku Area 18, ngakhale minibasi yokhala ndi katundu pamwamba. Womanga cyclekart, mosiyana, amatengera galimoto za mbiri ya eni ake.

Kuweruza kwanga n'kwakuti cyclekart ikumuyenera munthu amene ali ndi zinthu zitatu pamodzi: malo ofoleredwa akeake, luso lowotcherera kapena mmisiri mmodzi wokhulupirika womvera miyeso, ndi bwalo loyendetsapo limene walipeza kale asanagule chitsulo choyamba. Ndi bwino kwambiri ikakhala ya anthu awiri kapena atatu, kapena ya ophunzira ntchito zamanja pamodzi ndi mphunzitsi wawo, ndipo chipewa cholimba cha njinga yamoto chigulidwe limodzi ndi injini. Amene chikumusowa chimodzi mwa zitatuzi atenge mapepala. Ngakhale amene ali nazo zonse, ndikanamulangiza kuti ayambe wamanga galimoto yakeyo ndi katoni pa muyeso wa 1:10, chifukwa pulayiwudi ndi malata osalala zimapindika mbali imodzi yokha monga momwe limachitira pepala, choncho thupi limene lakanika kumata pa tebulo lidzakanikanso pa galaja. Zidutswa za katoni zikagwirizana, kuchulukitsa muyeso uliwonse kakhumi kumapereka mapatani odulira malata, ndipo kachitsanzoko n'kamene mudzapite nako ku Mchesi, poti mmisiri amamva msanga chinthu chimene wachigwira m'manja kusiyana ndi chojambula cha pa foni.