Nyumba ya magalasi ya ku Mangochi ija: nyumbayo nyenyezi 5, mayi wa mabuking'i ziro

Ndiyambe ndi mayi amene amayankha WhatsApp ya nyumba yogona alendo imeneyi, chifukwa mtima wanga sunaphwe. Mukamafunsa mtengo amayankha musanamalize n'kulemba komwe. Ndalama ikangolowa, foni yawo imangoitana. Tinalipira zonse pamodzi ndi dipoziti ya zowonongeka, ndipo amene munaona zithunzi zake pa Facebook mtengo wa usiku umodzi mukuudziwa. Si ndalama yoti munthu uime nayo pageti padzuwa la Okutobala, apongozi okalamba ali m'galimoto, makiyi ali m'chikwama cha munthu amene ali ku Blantyre. Mlonda ndi amene anachita kupalasa njinga kukatenga makiyi ena kwa mtsikana wokonza m'nyumba.

Titalowa ndinali wokonzeka kupeza chifukwa pa chilichonse, koma ndinasowa poyambira. Nyumbayi ili pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay, ndipo anaimanga pamwamba pa thanthwe, osati pamchenga. Nyanja itakwera mu 2024 malo ambiri ogona alendo m'mbali imeneyi madzi analowa mpaka m'zipinda, koma kuno mzere wa madzi ukuonekabe m'munsi, pa masitepe otsikira kugombe. Thanthwelo sanaliswe. Mbali ina lalowa m'chipinda chochezera ndipo ndi khoma lomwe. Mlambe umene anaupeza pamalopo sanaudule, khonde anachita kulikhotetsa kuti liuzungulire. Khoma lonse loyang'ana kunyanja ndi galasi kuchokera pansi mpaka kudenga, moti ukakhala pampando chilumba cha Boadzulu chimakhala patsogolo pako penipeni. Dziwe losambiramo analimanga m'mphepete mwa khonde, madzi ake amasefukira kunja, ndiye diso limalephera kusiyanitsa pomwe dziwe lathera ndi pomwe nyanja yayambira. Amuna anga, amene sayamikira wamba, anangoti wojambula mapulani ameneyu sukulu sanapitire phala.

Koma chimene chandilembetsa ndi cha usiku woyamba. Cha m'ma 9 magetsi anazima. Mabatire a sola anagwira mababu ndi filiji basi, ma AC onse zii. Jenereta ilipo, yaikulu bwino, koma mulibe ngakhale dontho la dizilo. Ndinaimbira mayi uja, ndipo ulendo uno anayankha, kungoti andiuze kuti dizilo sali pa mtengo umene tinalipira. Pa mtengo umenewo! Ndinawafunsa kuti nanga analemba pati zimenezo, iwo n'kudula foni. Amene munagonapo ku Mangochi mwezi umenewu mukudziwa kutentha kwake. Apongozi ali ndi BP, thukuta lili kamukamu, ana akulira, ine ndayamba kale kulongedza kuti tikafune loji ina usiku womwewo.

Mlonda uja anagogoda ndi tochi m'manja. "Amayi, musavutike. Nyumba iyi simafuna AC, kungoti alendo simuuzidwa." Anatenga ndodo yaitali yokhala ndi kangowe kunsonga, imene masana ndinkaiyesa yothyolera mango, n'kuyamba kutsegula timazenera tating'ono tomwe tandandalikana m'mwamba mwenimweni, pansi pa denga. Sitinationepo n'komwe. Kenako anatsegula ena a m'munsi kumbuyo, mbali ya kuphiri, n'kukankhira zitseko za galasi zija m'khoma mpaka zonse zinabisika, kutsala za gozi zokha zotchinga udzudzu. Anatifotokozera kuti usiku mphepo imatsika m'phiri kulowera kunyanja, ndiye ikalowa m'munsi imakankha mpweya wotentha kuti utulukire m'mwamba muja. N'chifukwa chake denga analikweza kwambiri mbali imodzi. Sipanapite nthawi, makatani anayamba kuvina. Pakati pa usiku apongozi anandidzutsa: "Mwanawe, ndipatseko chofunda." Chofunda, ku Mangochi, mu Okutobala!

M'mawa ndinaizungulira nyumbayo ndi maso ena. Denga latulukira kunja kwambiri, moti dzuwa likangokwera pang'ono galasi lonse limakhala mumthunzi, ndipo la madzulo limatchingidwa ndi phiri kumbuyo. Makoma ndi a miyala ndi mabuloko a dothi lotsendera, osati njerwa zootcha, okhuthala kuposa a nyumba zathu za m'tauni, ukawagwira masana ndi ozizira. Pansi ndi simenti yopukutidwa mpaka kuwala, palibe matayilosi. Zimene ndinkaziona ngati matama a anthu a ndalama, zambiri zili ndi ntchito yake. Mlonda uja akuti analipo ngati wothandiza amisiri pomwe nyumbayi inkamangidwa, ndiye amaidziwa paliponse. Eni nyumba, munthu ameneyu muwonjezereni malipiro, ndipo zimene amadziwazo zilembeni papepala muike pakhoma.

Zodandaula zilipo ndithu. Masitepe okwerera kuchipinda cham'mwamba ndi matabwa ongotulukira m'khoma, opanda chogwirira, okongola pachithunzi koma apongozi sanayerekeze kukwera, ndipo mwana wamng'ono ndinkachita kumulondalonda. Galasi ndi loyera mopitirira, mphwanga analiwomba ndi chipumi ali ndi mbale ya chambo m'manja. Amatepo kanthu kuti anthu aziliona. Khitchini ndi ya m'magazini, koma mapoto ake ndi opyapyala, mthiko mulibe, ndipo chitofu ndi chamagetsi chokha. Nsima ya anthu onse aja tinaphikira pambaula ya mlonda kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi. Bafa la m'chipinda chachikulu lilibe chitseko, akuti ndi fasho. Kwa ife oyenda ndi apongozi, fasho imeneyo ayi.

Kubwereranso? Inde, ndipo zikundipweteka kuvomereza, chifukwa ndalama yanga idzadutsanso m'manja mwa mayi yemwe uja. Amene mukufuna kupita, funsiranitu za dizilo ndipo akuyankheni polemba, nyamulani mthiko ndi poto wanu wa nsima, ndipo mukangofika pemphani mlonda akusonyezeni timazenera tam'mwamba. Ponena za dipoziti, mayi uja anati ibwera akayendera nyumba. Mwezi watha tsopano. Dzulo anditumizira chithunzi cha kapu yong'aluka imene tinaipeza ili choncho, ndipo mwamwayi ikuoneka mu vidiyo imene mwana wanga anajambula tikungolowa. Ndawatumizira vidiyoyo. Aiona, timizere tabuluu tikuoneka, koma sanayankhe.