Ulendo wa pa galimoto ya makalata yodutsa pa famu ya Anna Creek

Chibwerereni ku Australia, kumene ndinakacheza kwa mwana wanga amene akugwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Adelaide, alimi anzanga kuno ku Ntcheu akhala akundifunsa ngati ndalama zimene mwanayo anandilipirira kuti ndikaone mafamu a ng'ombe a m'chipululu zinapita pabwino. Popeza ndinakhala mlangizi wa ziweto kwa zaka zambiri m'chigwa cha Bwanje, ndaganiza zoyankha molemba.

Ulendowu si wa basi ya alendo ayi. Ndi galimoto ya makalata ndi katundu imene imanyamuka kawiri pa sabata m'tauni ya Coober Pedy, kumene amakumba miyala ya opal, n'kuzungulira makilomita pafupifupi 600 pa msewu wafumbi kudzera ku William Creek ndi ku Oodnadatta, ndipo mipando yotsala amaigulitsa kwa alendo. Tinanyamuka m'mawa, tinabwerako kutada. Dalaivala yemweyo ndiye wopereka makalata, ndiyenso wofotokoza mbiri ya malo, ndipo pa ntchito yachiwiriyi ndi pamene ndinaona phindu la ndalama.

Tisanapite patali anatiimika pa mpanda wotchinga agalu am'tchire otchedwa dingo. Kuuona ndi maso ndi waya wamba, wosasiyana kwenikweni ndi umene timatchingira nkhuku, koma kutalika kwake ndi makilomita oposa 5,600, ndipo ndiwo malire a ziweto ziwiri: kummwera kwake amaweta nkhosa, kumpoto kwake, kumene dingo amayenda mwaufulu, ndi kwa ng'ombe. Ndinaugwira ndi dzanja, ndipo ndinakumbukira mmene fisi amachititsira anthu a kwathu kumanga makola a mbuzi am'mwamba.

Mbiri ya Anna Creek yagona pa mpandawo ndi pa madzi. Famuyi inayamba mu 1863 pamalo otchedwa Strangways Springs, pamene pali akasupe otumphuka okha kuchokera ku madzi ochuluka a pansi pa nthaka, ndipo eni ake oyamba anabwera ndi nkhosa. Mu 1872 waya wa telegalafu wolumikiza kummwera ndi mzinda wa Darwin, kumpoto kwa dzikolo, unamalizidwa motsata akasupe omwewo, ndipo m'zaka za m'ma 1870 zomwezo likulu la famu linasamukira kumene lili lero. Nkhosa sizinalimbe chifukwa dingo ankazigwira mosalekeza, motero anazisiya n'kuyamba ng'ombe, zimene zikakula galu sangazigwetse wamba. Kenaka famuyi inakhala zaka zambiri m'manja mwa kampani ya S. Kidman & Co, yoyambitsidwa ndi Sidney Kidman, amene nzeru yake inali yokhala ndi mafamu ambiri m'madera osiyana kuti chilala chikavuta kwina azisamutsira ng'ombe kwina. Mu 2016 inagulitsidwa kwa Williams Cattle Company. Zonsezi dalaivala ankazifotokoza akuloza ndi chala, osati mongolakatula ngati wophunzira woloweza, ndipo nditamufunsa za nkhupakupa ndi za kumwetsa anayankha ngati munthu wodziwa ziweto.

Kukula kwa famuyi ndi masikweya kilomita oposa 23,000, ndiye kuti boma lonse la Ntcheu lingalowemo pafupifupi kasanu ndi kawiri. Komabe amene akuganiza kuti akaona ng'ombe zili mbwee achotseretu maganizo amenewo. Msipu wake ndi tizitsamba totuwa tomera patalipatali pakati pa miyala yofiira ndi mchenga, moti ng'ombe imodzi imafuna malo amene kwathu angadyetse khola la mudzi wonse, ndipo pa chilala cha 2007 pa famu yonseyo panatsala ng'ombe pafupifupi 1,500 zokha. Zimene ndinawerenga tsiku lonse sizinafike n'komwe pa zimene zinkabwera pa dibi limodzi la ku Bwanje tsiku losambitsa. Zochepa zimenezo ndinaziona pafupi ndi chomwera cha pa mjigo, zonenepa modabwitsa, zitaima chete kutiyang'ana popanda mbusa kapena mwana wa chikwapu. Amazisonkhanitsa ndi ndege zing'onozing'ono ndi njinga zamoto.

Pali zimene sizinandikhutiritse. Strangways Springs, pamene nkhani yonse inayambira ndipo mabwinja ake a miyala akadalipo, sipali pa njira ya makalata, choncho tinangomva ndi makutu. Pa likulu la famu tinaima mphindi zochepa, zongokwanira kutsitsa thumba la makalata ndi makatoni, ngakhale apa sindingadandaule kwambiri poti ndi pakhomo pa anthu amene ali pa ntchito. Chimene chinandikhudza ndi chakuti nkhani ya anthu a mtundu wa Arabana, eni nthaka amene ankadziwa akasupewo azungu asanafike ndiponso amene ambiri mwa iwo anagwira ntchito yoweta pa famu yomweyi, inangotchulidwa modutsa mpaka nditachita kufunsa. Ife a kuno, amene tikudziwa mbiri ya maesiteti ndi thangata, khutu lathu silichedwa kumva pamene nkhani yadumphidwa.

Chakudya chamasana tinadya pa hotela ya ku William Creek, kamudzi ka anthu owerengeka kozunguliridwa ndi famu yomweyi, ndipo chinali chokhutitsa. Ntchentche zakumeneko n'zosaneneka, zimalowa m'maso ndi m'mphuno, kotero kaneti kovala kumutu musakaone ngati chibwana. Odwala msana aganize kawiri, chifukwa mabampu ake ndi a tsiku lathunthu. Mtengo ndi wokwera kwa munthu wa penshoni, koma kwa woweta ziweto amene wafika kale ku South Australia, chigawo chimene kuli Adelaide ndi famuyi, ndikuti apite.

Nditafotokoza zimenezi pa msonkhano wa alimi a ng'ombe, mkulu wina amene anamvetsera mwachidwi anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Alangizi, nanga usiku amazitsekera kuti?" Ndinamuyankha kuti sazitsekera, ndipo zina zimatha chaka osaonana ndi munthu. Anapukusa mutu n'kunena kuti kwathu kuno zoterozo zikanapezeka pa msika wa nyama kusanache.