Mpanda wa matabwa ogona, chaka chatha tsopano

Abale ambiri mwakhala mukundifunsa za mpanda wanga uja wa matabwa ogona chopingasa omwe afala masiku anowa, ndiye ndati ndikuuzeni mmene ndauonera.

Matabwa ake si a mtengo weniweni ayi, ndi a kompoziti, amasakaniza utuchi ndi pulasitiki, ndiye chiswe sichikuwayandikira ndipo penti sindinagulepo olo kamodzi, ndimangotsuka ndi madzi a sopo basi. Ndinasankha otuwa moderako, mizati yachitsulo yakuda, ndipo kunena zoona pabwalo pakuoneka potakasuka kusiyana ndi nthawi ya khoma lija, kamphepo kamadutsa m'timipata mpaka maluwa a m'mbalimu ayamba kukondwa, ndimachita kukhala panja madzulo kumangouyang'ana.

Koma mavuto alipo. Dzuwa likaomba matabwawa amafutukuka, ndiye mmisiri woyamba anangowapanikiza osasiya mpata kumapeto, sipanathe mwezi thabwa lina linapindika ngati uta, zinandiwawa kwabasi, tinachita kumasula mzere wonse nkusiya kampata ka mamilimita 5 mbali zonse. Mizatinso isatalikirane kupitirira mamita 1.8, apo ayi matabwa amalendewera pakati. Mtundu woderawu masana umatentha heve, mwana wanga anaugwira ndi chikhatho nkukuwa.

Chinanso matabwa ogona amakhala ngati makwerero, ngati muli ndi ana okonda kukwera onetsetsani kuti mipata ndi yaing'ono yoti kaphazi sikangalowe. Ine kugulanso ndingagule ndithu, koma ulendo uno owala pang'ono.