Ma dilator aja: thupi lamasuka, koma ogulitsa andigwiritsa mwala

Mlamu wanga anandifunsa ngati ma dilator ndinagula chaka chatha aja, tizipangizo tosiyana kukula tolowetsa kunjira ya amayi kuti minofu izolowere kumasuka, ndi oyenera kutayirapo ndalama. Ndati ndiyankhire pano, chifukwa amayi ambiri tikuvutika chamumtima.

Nditachira mwana wachiwiri ndinasokedwa. Bala linapola, koma kukhala malo amodzi ndi bambo akunyumba kunali ululu wokhawokha. Adokotala a mafizo anandiuza kuti minofu ya pansi pa chiuno inazolowera kukungika, ndipo kuyamwitsa kumatsitsa homoni ya amayi yotchedwa estrogen, njira n'kumauma. Anandiletsa kaye ma Kegel, masewera ofinya minofu imeneyi, akuti minofu yokungika kale imafuna kuphunzira kumasuka, osati kufinyidwanso.

Ndinagula seti ya silicone, zisanu, kuyambira kakang'ono ngati chala. N'zofewa, sizizizira pathupi, kutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira basi. Kathumba kake kamabisika bwino, ana sanakapezepo.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti ntchito yaikulu ndi ya mpweya. Ndimagona chagada, mawondo opinda, pilo uku ndi uku, n'kumakoka mpweya mpaka mimba itukuke. Ndi kapumidwe kotere minofu imalolera yokha, osakankha. Mphindi 10 kapena 15 zimakwana, ndipo kukapweteka umasiya. Tsiku limene kachiwiri kanalowa popanda kuluma mano ndinalira ndi chimwemwe.

Vuto ndi kachitatu. Mayi amene anandigulitsa, oitanitsa katundu ku Johannesburg n'kumatsatsa pa WhatsApp, anandiikira botolo la mafuta oterereka ngati basera, nati ndi oyenera. Patapita nthawi kachitatuko kanayamba kunanda. Kutsuka, kuyanika, m'mawa kakumatabe, ulusi wa thaulo n'kumakanirira pamwamba pake. Nditaonetsa adokotala aja anawerenga botololo: mafutawo anali a silicone, ndipo amawononga zipangizo za silicone. Oyenera ndi opangidwa ndi madzi. Kanthu kotero sungakaikenso m'thupi, kamasunga majeremusi. Ndipo kulumpha kuchoka pa kachiwiri kupita pa kachinayi sikutheka, thupi limakana n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinawalembera mwaulemu kuti, "Mayi, mafuta munandipatsa aja ndi amene aononga, mundigulitseko kamodzi kokhako." Anayankha kuti satsegula seti, ndigule yonse, komanso mtengo wakwera chifukwa cha randi. Nditabwereza, anangowerenga uthengawo n'kukhala chete. Zinandiwawa, chifukwa si nkhani yoti ungakaime nayo pagulu n'kumakuwa, ndipo iwo akudziwa zimenezo.

Masiku amene kuchipinda kuli mtendere ndimati ndalama ija inagwira ntchito kuposa zonse ndinagulapo. Ndikaona kachinayi ndi kachisanu zili phee m'kathumba, mtima umabwadamuka: ndinalipira zisanu, ndagwiritsa ntchito zitatu. Mukafuna kugula, yambani mwaonana ndi achipatala, mafuta mugule nokha ku famase, ndipo musanatumize ndalama funsani ngati amagulitsa kamodzikamodzi. Ine ndikusunga ya seti ina, koma kwa mayi aja sindidzapitanso.