WhatsApp, Moodle, Google Classroom kapena Zoom: kozi ya aphunzitsi kuno ku Kasungu tiyiyike pati?

Aphunzitsi anzanga, tikamakonza ma CPD (maphunziro owonjezera luso kwa aphunzitsi omwe ali kale pantchito) a m'zoni masiku ano mkangano umakhala pa funso limodzi, kozi tiyiyike pati, pa WhatsApp, pa Moodle, pa Google Classroom kapena tizingoyitanizana pa Zoom. Ine zinthuzi ndazilawa mbali zonse, ndinakhalapo mwana wasukulu pa ODL (maphunziro ochita uli kutali) komanso ndathandizako kukonza timakozi ta aphunzitsi a pulayimale, ndiye ndinena mmene ndikuonera osapsatira. Muyeso wanga ndi umodzi basi. Mphunzitsi wa kwa Chulu uko kapena kwa Kaluluma, wa kafoni kotchipa koti memory inadzadza kalekale, yemwe amakatchajitsa pa sola ya pa golosale, kodi koziyo ayimaliza? Ife a pa boma okhala ndi laputopu ndi Wi-Fi ya ku ofesi tisamadziyese tokha, ife chilichonse chimatiyendera.

Ndiyambe ndi Zoom ndi mnzake Google Meet poti ndi zomwe a mabungwe amathamangira. Zinatchuka nthawi ya Covid sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo kuchokera pamenepo alipo ena oti ukangoti maphunziro a pa intaneti iwo amaona nkhope zili m'timabokosi pa sikirini. Ubwino ulipo sindikana, ukafunsa umayankhidwa pompo, ndipo mukafuna katswiri wa ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi kuti afotokoze mutu umodzi wovuta simumulipirira thiransipoti ndi malo ogona. Koma Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, Google Meet imapereka mphindi 60 mukakhala gulu, ndiye mphindi zochepa zomwezo zambiri zimathera pa "mukundimva?", "a madamu tsegulani maiki", uyu watuluka uyu walowanso. Vuto lenileni ndi loti Zoom imafuna zinthu zitatu zikumane nthawi imodzi, netiweki yokhazikika, foni yodzadza moto ndi bandulo yaikulu, ndipo zikumane 3 koloko ya Lachitatu lomwe mwapanganalo osati mawa lake. Kumudzi zitatuzi kukumana kwake nkwamwayi. Ola limodzi la vidiyo limadya ma MB mazanamazana, ndipo akati osadandaula tajambula muonera nthawi yanu, fayilo yake ndi yoti palibe angayitsitse. Onjezanipo aphunzitsi aakazi omwe akaweruka kusukulu amapeza ntchito zapakhomo zikuwadikira, simungawauze kuti akhale phee ola lathunthu foni ili kukhutu. Kwa ine Zoom ikhale ya apo ndi apo, makamera ozimitsa, ndipo chilichonse chofunika chomwe chanenedwa mmenemo chilembedwenso kwina.

Google Classroom sinditayapo nthawi yambiri. Inabwera mu 2014, ndi yaulere, ndi yaudongo, asayimenti iliyonse ili ndi tsiku lake lomaliza ndipo wochonga amaona bwinobwino amene wapereka ndi amene sanapereke. Kwa aphunzitsi a sekondale a mu kilasita ya pa boma pano kapena ku Mtunthama imatha kuyenda. Chomwe chimayigwetsa kwathu kuno ndi kankhani kooneka kakang'ono, imafuna akaunti ya Google, ndipo mafoni ambiri akaunti anatsegula ndi mnyamata wogulitsa mafoni pamsika tsiku logula lomwelo, mwini foni sadziwa imelo yake ngakhale pasiwedi. Foni ikangofa kapena kubedwa ndiye kuti kalasi yapitira limodzi. Komanso kulemba nkhani ya masamba awiri mu Google Docs ndi chala chimodzi pa kasikirini kosweka, yesani kaye inuyo musanauze anzanu kuti ndi zophweka.

Tsopano Moodle. Iyi ndimayilemekeza ndithu. Anayiyambitsa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia, inatuluka mu 2002, ndipo ma yunivesite ambiri pa dziko lonse amaphunzitsira pomwepo. Pulogalamu yake ndi yaulere koma musanamizidwe ndi mawu oti yaulere, imafunika seva yoyikapo ndi munthu wodziwa za kompyuta woti aziyisamala, ndipo zonsezi ndi ndalama. Ndili wophunzira chomwe chinandisangalatsa ndi dongosolo lake, sabata yoyamba ili apa, yachiwiri apa, zowerenga, mafunso, tsiku lopereka, ndipo patapita miyezi ukafuna kubwereza umazipeza zili pomwe unazisiya. Timayeso tosankha yankho imachonga yokha nthawi yomweyo, malikisi amasungika, ndipo wotsogolera kozi amatha kuona kuti uyu sanatsegule kalikonse masabata awiri nkumuimbira foni asanatayike. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, app ya Moodle ya pa foni imalola kutsitsa phunziro lonse uli pamalo pa netiweki, nkumakawerengera kunyumba data itazima, zomwe wayankha zimadzapita zokha ukadzalumikizanso. Kwa mphunzitsi wa ku Chamama yemwe amabwera pa boma kumapeto kwa mwezi kudzatapa malipiro, chimenechi ndi chinthu chachikulu kwabasi.

Koma Moodle ili ndi khomo lolimba. Yuzanemu, pasiwedi yoti ikhale ndi chilembo chachikulu, nambala ndi kachizindikiro, ukayiwala akuti takutumizirani linki pa imelo, imelo yomwe ija ya mnyamata wa pamsika. Ndinaonapo mphunzitsi wachikulire, munthu waluso zedi m'kalasi woti ana a Sitandade 1 amamumvera osaphethira, atakhala pa benchi ya pa TDC (malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakumanira) magalasi ali pamphuno akuyesa pasiwedi mobwerezabwereza mpaka anangoyika foni m'thumba nkunena kuti izi nza ana athu. Munthu ameneyu sanalephere kozi ayi, sanalowe nkomwe. Ndiye malo okambirana a mu Moodle nawonso nthawi zambiri amangoti zii, anthu amalemba chifukwa auzidwa kuti pali malikisi, aliyense ndime imodzi ya Chingerezi chouma ndipo palibe amawerenga za mnzake. Ndipo ndinene kwa ife okonza makozi, kutenga PDF ya masamba ambirimbiri nkuyiponya pa Moodle si kukonza kozi. Moodle ili ngati nkhokwe, imasunga bwino zomwe mwaikamo koma anthu sachezera mmenemo.

Kocheza ndi ku WhatsApp, ndipo apa ndiye ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe ndaona aphunzitsi akuphunziradi. Palibe woti mumuphunzitse kulowa, aliyense wa foni ya tachi ali nayo kale. Airtel ndi TNM onse amagulitsa timabandulo ta WhatsApp totsikirapo mtengo kusiyana ndi bandulo ya intaneti yonse, ndiye ngakhale pakati pa mwezi zinthu zitavuta munthu amayesetsa. Koma chomwe chimayipambanitsa ndi kagwiridwe kake ka ntchito, uthenga umadikira. Mukatumiza m'mawa netiweki kulibe, umadzalowa madzulo mwini foni akapita pamalo paja pomwe aliyense pasukulupo amadziwa kuti mpomwe imagwira, ndipo yankho lake nalo limadikira choncho. Voice note ya mphindi imodzi sifika ngakhale 1 MB. Ndipo pa voice note anthu amamasuka, amalankhula Chichewa, a ku Nkhamenya amasakanizamo Chitumbuka, ndipo zomwe sakanalemba m'Chingerezi amazinena zonse.

Ndikupatseni chitsanzo cha zomwe ndikunena. Pa kozi ina ya kaphunzitsidwe ka kuwerenga, zija za NRP (ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira ana kuwerenga), ntchito ya sabata inali yoti aliyense apange zipangizo za TALULAR (zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka pamalopo) ayesere m'kalasi kenako atiuze mmene zayendera. Mayi wina wa Sitandade 2 anatumiza chithunzi cha makadi a maphatikizo omwe anadula ku katoni ya sopo, zilembo analemba ndi makala osakaniza ndi madzi, atawapachika pa chingwe kuchokera pa zenera kufika pa chitseko, kenako ka voice note ana akuwerenga ba be bi bo bu mokweza. Bambo wina wa sukulu ya kutali anamvetsera nkuyankha kuti mayi, anawo akuimba sakuwerenga, tasokonezani makadiwo muyambe ndi bo muone ngati apitirire. Mawa lake mayi uja anabwera nkunena kuti zoonadi ambiri anakakamira pomwepo, ndipo zokambirana zomwe zinatsatira apo za kusiyana kwa kuloweza ndi kuzindikira liwu la chilembo zinaposa zonse zomwe tinalemba mu notsi. Zoterezi pa Zoom sizikanatheka chifukwa panafunika tsiku loti munthu akayesere kaye, ndipo pa Moodle bambo uja sakanatsegula nkomwe.

Komatu WhatsApp ili ndi matenda ake ndipo si ang'ono. Gulupu ikangokhala imodzi ya aliyense, pakutha pa sabata muli mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa, wina akugulitsa soya, wina watumiza nkhani ya ndale, ndipo phunziro la Lolemba lakwiririka pansi pa zonsezo. Zithunzi zimadzadzitsa foni mpaka munthu amafufuta zonse pamodzi ndi notsi zomwe. Kuchonga ndi kusunga malikisi ndiye musanene, wotsogolera amachita kukopera pamanja m'kope kuti uyu wapereka uyu ayi. Palinso nkhani yomwe sitiyikamba mokwanira, nambala ya aliyense imaoneka kwa onse, ndipo aphunzitsi aakazi ena amayamba kulandira mauthenga a usiku kuchokera kwa abambo a m'gulupu momwemo mpaka amatuluka osanena chifukwa. Izi zinenedwe poyera tsiku loyamba ndipo wochita zimenezi achotsedwe. Chimodzimodzi zithunzi za ana, jambulani makope ndi bolodi, nkhope za ana a eni zisamayende m'mafoni.

Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala ake. Magulupu akhale awiri, ina yoti amalemba ndi ma admin okha momwe muzikhala phunziro la sabata ndi tsiku lopereka basi, ina yokambirana. WhatsApp imalola anthu 1024 m'gulupu imodzi koma musayesere dala, anthu akachuluka amalankhula ndi atatu omwewo ena onse nkumangowerenga, bola timagulu ta anthu khumi kapena kucheperapo aliyense azidziwika akasowa. Kuyambira 2022 muli ma poll, ndiye kafunso kofulumira koona ngati anthu amva mutha kukaponya pomwepo. Phunziro lililonse likhale lalifupi, voice note ya mphindi zitatu, tsamba limodzi lowerenga, ntchito imodzi yokachita m'kalasi. Mukatalikitsa amangodutsa.

Nanga zokumana maso ndi maso pa TDC tizisiye? Ayi ndithu, ndipo amene amati intaneti yabwera kudzathetsa zimenezi sanaphunzitsepo mnzake kuphunzitsa. Kuyeserera phunziro pamaso pa anzako, a PEA (mlangizi wa maphunziro wa m'zoni) nkukuuza kuti mwayima malo amodzi nthawi yonse ndipo ana a kumbuyo simunawayang'aneko, zimenezo zimafuna anthu akhale m'chipinda chimodzi. Chomwe ndimalimbikira ine nchoti kukumana koyamba kukhale koyambirira kwenikweni kozi isanapite pa foni, anthu adziwane nkhope, app iyikidwe, mapasiwedi akonzedwe pomwepo ndipo aliyense atumize uthenga woyesera asananyamuke. Kukumana kwina kukhale pakati pomwe anthu amayamba kufooka, kwina kumapeto. Poika masiku muziyang'ananso kalendala ya kwathu kuno, Januwale ndi Febuluwale misewu ya fumbi imakhala matope okhaokha ndipo a kabaza amakweza mtengo, komanso temu yomwe a Sitandade 8 akukonzekera mayeso a PSLCE aphunzitsi ambiri sapuma.

Pepalanso tisalinyoze. Kuphunzira uli kutali sikunayambe ndi intaneti m'dziko muno, Malawi Correspondence College yomwe pano ndi MCDE (Malawi College of Distance Education) inayamba mu 1965 ndi timabuku totumiza pa positi, ndipo ambiri a ife tikukumbukira Tikwere pa wailesi ya MBC ana atazungulira wailesi m'kalasi. Modyulo yosindikiza sifuna kutchaja ndipo magetsi akazima imawerengeka ndi tochi. Ndiye mutandifunsa za kozi ya aphunzitsi a pulayimale m'zoni ya kumudzi, ine ndingatenge modyulo ya pepala, kukumana pa TDC ndi WhatsApp, zitatu zimenezi. Moodle ndingayionjezere pokhapokha ngati koziyo ili ndi malikisi ndi satifiketi yoti ikaoneke kwina, ndipo pali munthu woti mphunzitsi akakanika kulowa amuimbire nkuthandizidwa tsiku lomwelo.

Chotsala ndi ndalama, ndipo apa a mabungwe ndi a maofesi mundimve bwino. Kozi ikasamuka kuchoka mu holo kupita pa foni, ndalama ya thiransipoti, chakudya ndi alawansi imapulumuka kwa okonza, koma bandulo ndi kutchajitsa zimagwera mphunzitsi, kuchokera pa malipiro omwe aja omwe anachepa mphamvu kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mphunzitsi akafunsa za data sikuti ndi wokonda alawansi, akufunsa chinthu choyenera, ndipo kumutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba sabata isanayambe si ntchito yovuta. Wotsogolera gulupu nayenso muwerengereni nthawi yake, kumvetsera ma voice note a anthu makumi atatu ndi kuyankha aliyense ndi ntchito ya maola, ndipo nthawi zambiri amayigwira usiku atamaliza kuchonga makope ndi kulemba ma lesson plan a kalasi yake. Mu bajeti ya kozi muzikhala mzere wa data ya ophunzira ndi mzere wa munthu ameneyu, zikapanda kutero gulupu imayamba ndi moto sabata yoyamba, ikamafika yachinayi mafunso a aphunzitsi amangokhala osayankhidwa.