Ndemanga: ulendo wathu wa ku Likoma ndi kagulu kokonza maulendo ka kuno ku Mzuzu

Chibwerereni anthu mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti ku Likoma kunali bwanji, nanga anyamata aja okonza maulendo ndi odalirika kapena ayi, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la kagulu kawo sinditchula, ndi achinyamata a kuno ku Mzuzu komwe. Ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo imodzi ndachotsayo ndifotokoza bwinobwino chifukwa nkhani yake inandiwawa.

Tinapita anthu anayi, ine, bambo a kunyumba, mwana wathu wa zaka 9 ndi apongozi anga. Kunena zoona ulendowu unali wa apongozi. Iwo ndi a Anglican chibadwire, a Mothers' Union enieni, ndipo zaka zonsezi amangodziwa kuti maofesi a dayosizi yawo ali kuno ku Mzuzu koma tchalitchi chachikulu cha dayosiziyo, St Peter's, chili pachilumba, phazi lawo linali lisanapondeko. Ndiye bambo ataona positala pa Facebook anangoti tiyeni tiwaperekeze amayi miyendo idakalimba. Mu ndalama tinalipirazo munali galimoto yokatitula ku Nkhata Bay ndi kudzatitenga, matikiti a sitima ya Ilala, loji masiku anayi, chakudya cham'mawa ndi chamadzulo, gaidi, magalasi oonera pansi pa madzi komanso boti lopita ku chilumba cha Chizumulu tsiku limodzi. Zinalembedwa choncho pa risiti.

Tinanyamuka Lolemba masana, mu Ogasiti, kuno kukuzizira monga mudziwira Mzuzu, koma kungotsetsereka mapiri aja ola limodzi lokha wafika kunyanja wayamba kale kuvula juzi. Osayisiya juziyo chonde. Usiku pamwamba pa sitima mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, ife tinapulumukira bulangeti lomwe apongozi anaumirira kuti titenge. Apa anyamatawa anachita bwino, matikiti anali atagula kale, apongozi ndi mwana anawapezera kabini yokhala ndi bedi, ife awiri tinagona pa deki.

Ilala ndinkangoyionera patali ikamaima pa Nkhata Bay, kukwera kunali koyamba. Sitimayi ndi yakale kuposa bambo anga, inapangidwa ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa n'kudzailumikiza kuno ndipo yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Ndinatsika kumunsi kukaona, anthu ali thithithi pakati pa matumba a chimanga, ufa, malata, makreti a zakumwa, mayi wina atafungatira nkhuku, ndipo ndi pamene ndinamvetsa kuti kwa ife ndi holide koma kwa anthu a pachilumba sitimayi ndiye msewu wawo, ndiye golosale yawo, chifukwa dothi la ku Likoma ndi mchenga ndi miyala, chimanga sichikwanira, chambiri chimachokera kumtunda. Pakati pa usiku tinaima pa Chizumulu, anatsitsa maboti ang'onoang'ono a m'mbali mwa sitima aja kuti azitula anthu ndi katundu kugombe, matochi ali waliwali pamadzi, anthu akuitanana maina mumdima. Tulo tinandithera, ndinangokhala ndikuonerera mpaka tinanyamukanso.

Kutacha, Likoma uyo. Choyamba kuona ndi milambe, aaa milambe yake, ikuluikulu ili mbwee paliponse kuyambira kugombe mpaka pamwamba pa zitunda, pakati pake mitengo ya mango. Ndipo kutsidya mapiri a Mozambique ali pafupi zedi moti mwana anafunsa ngati tingasambire kukafika. Gaidi wathu ndi amene anamuyankha, anati chilumbachi ndi Malawi koma madzi onse achizungulirawa ndi a Mozambique, chinakhala mbali ya Nyasaland chifukwa cha amishoni a Anglican a bungwe la UMCA omwe anakhazikika pamenepa m'ma 1880. Ndi kachilumba kakang'ono, masikweya kilomita 18 basi, ndipo kanakhala boma palokha mu 1999 limodzi ndi Chizumulu, kale kanali pansi pa Nkhata Bay.

Za gaidiyu ndiyenera kunena kwambiri chifukwa nyenyezi 4 zija zambiri ndi zake. Mnyamata wobadwira konko, waulemu, apongozi amangowaitana kuti agogo ndipo chikwama chawo sanalole kuti anyamule okha ngakhale tsiku limodzi. Chinyanja chake cha ku Likoma chimamveka mosiyanako ndi Chichewa chathuchi, mawu ena timachita kumufunsa kawiri, iye n'kumaseka kuti inunso a ku Mzuzu mwasakaniza ndi Chitumbuka. Aliyense panjira amamudziwa. Kuyenda naye kunali ngati wapita kwa abale ako osati kokaona malo.

Loji inali yabwino, sinali ya mtengo wapatali ija mumaiona pa zithunzi, koma zipinda zaukhondo, neti ya udzudzu yopanda zibowo, ukatsegula chitseko mchenga ndi madzi pomwepo. Tsiku loyamba anatiphikira tchipisi ndi nkhuku, apongozi anangoyang'ana mbale n'kuti mwana wanga, ndawoloka nyanja yonseyi kudzadya nkhuku? Mawa lake kunabwera kondowole ndi kampango wa msuzi, tsiku lina utaka wowotcha, ndiye ngati mukupita auzeni msanga kukhitchini kuti mukufuna zakudya za konko, amaphika mosangalala, amangoganiza kuti mlendo aliyense amafuna tchipisi.

Lachitatu m'mawa tinapita ku St Peter's. Ine si wa Anglican koma ndikuuzeni, thupi linachita tsemwe. Umayenda m'kanjira ka mchenga pakati pa nyumba wamba, mbuzi, ana akusewera, kenako mwadzidzidzi chinyumba chachikulu cha miyala ndi njerwa chili poteropo, nsanja zake ziwiri, ndipo ukalowa n'kuima kukhomo munthu amene ali kuguwa amaoneka ngati kamwana. Anayamba kumanga mu 1903, n'kudzachipatula mu 1911. Tangoganizani nthawi imeneyo, pachilumba popanda msewu, popanda galimoto, miyala anthu akusenza pamutu, zina zonse zikubwera pamadzi. Malo amene chinamangidwawo amatchedwa Chipyela, gaidi anati ndi pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, amishoni anasankha dala pamenepo. Mkati muli mawindo a magalasi amitundumitundu, mipando ya kwaya yosemedwa pa mwala wofewa, ndipo bambo wina wosamalira tchalitchi anationetsa kamtanda kamtengo komwe anati kanasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, pomwe anakwirira mtima wa David Livingstone atamwalira mu 1873. Dera limenelo ndi lomwe linkatchedwa Ilala, dzina la sitima tinakwera ija, ine ndinali ndisanalumikizepo zimenezi chikhalire.

Apongozi sanamve zonsezi. Iwo atangolowa anavula nsapato, anapita kutsogolo pang'onopang'ono n'kugwada, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali misozi ikutsika osapukuta. Bambo a kunyumba anafuna kukawadzutsa chifukwa cha maondo awo, gaidi anawagwira mkono n'kunena chapansipansi kuti asiyeni agogo, pulogalamu idikira. Mawu amenewo sindidzaiwala. Pa pepala anatilembera ola limodzi la kutchalitchi, tinakhalako mpaka dzuwa lili pamutu ndipo palibe anatifulumizitsa. Lachisanu apongozi anadzuka m'bandakucha kubwererako ku mapemphero a m'mawa, gaidi yemweyo anabwera kudzawatenga pa njinga yamoto ya mnzake osapempha kanthu.

Mwana yekha ndiye anali wa m'madzi. Madzi a ku Likoma ndi oyera mbee, umaona zala zako za kumapazi uli m'madzi ofika m'khosi, ndipo ukavala magalasi aja n'kuyang'ana m'miyala muli timbuna ta buluu, tachikasu, ta mizeremizere, tikungokuzungulira osaopa. Ine ndakulira kudya nsomba za m'nyanjayi koma sindinkadziwa kuti pansi pake pali mitundu yotere. Malayifi jaketi anatipatsa, a saizi ya mwana analiponso, apa ndiwayamikire. Kungoti mukabwerako pitani kuchipatala akakuoneni za likodzo, ndi nyanja yomweyi, mankhwala ake savuta.

Usiku nyanja yonse imadzaza nyali za asodzi a usipa, mzere wautali ngati tauni yayandama pamadzi, ndipo m'mawa tinkapita pa doko kukaona akukoka chilimira, amayi akuyanika usipa pa matandala, ife n'kugulako wa fuleshi. Tinakaonanso ku Katundu komwe amayi a pachilumba amapanga zokongoletsera nyumba ndi mikanda, magalasi a mabotolo otha ntchito ndi zitsulo zakale, ntchito yake ndi yaluso kwambiri ngakhale zambiri thumba langa silikanakwanitsa, ndinangogula kakang'ono. Madzulo ena tinamva ng'oma, gaidi anati ndi gulu la malipenga likuyeserera, tinapita. Azibambo akuluakulu pamzere, kuponda mofanana ngati asilikali, ena akuliza zikho zija, fumbi kobo, ana atazungulira. Izi pa positala panalibe.

Tsopano nkhani ya nyenyezi ndachotsa ija. Lachinayi linali tsiku la ku Chizumulu. Anatiuza kuti tikhale pagombe 7 koloko, tinafika nthawi isanakwane, apongozi atavala kale chitenje chawo chatsopano. Mwera unali utayamba usiku, mafunde akuswa pamiyala moti ngakhale ine wosadziwa za nyanja ndinaona kuti si bwino. 8 koloko, 9 koloko, boti osaoneka. Kuimbira ku ofesi yawo kuno ku Mzuzu foni ikungoitana, pa WhatsApp akuwerenga osayankha. Gaidi nayenso sanauzidwe kanthu, mpaka anachita kuyenda yekha kukamupeza mwini boti kwawo, ndiye kubwera cha m'ma 11 kudzatiuza kuti mwini boti anawauza a ku ofesi dzulo lake madzulo kuti sapita. Mwini boti sindikumudandaula ngakhale pang'ono, anachita bwino kukana, mwera si wosewera nawo, watenga anthu ambiri pa nyanjayi. Chomwe chinandipweteka n'choti iwo ankadziwa kuyambira dzulo n'kusiya mayi wachikulire atakhala pamwala maola anayi dzuwa likuwawotcha. Meseji imodzi yokha ikanakwana. Komanso munthu ukamagulitsa ulendo wa mu Ogasiti ukudziwa kuti miyezi yozizira ndi nyengo ya mwera, bwanji osanena poyamba pomwe kuti za ku Chizumulu zidzadalira mphepo? Ndalama ya botiyo anabweza, koma patatha masabata atatu ndipo ndinachita kupita ku ofesi kawiri. Anapepesa, mtsikana wa pa desiki anapepesa ndi mtima wonse, koma mwini wake sanandiimbire mpaka lero.

China chaching'ono, anatiuza kuti ndalama za m'manja n'zosafunika kwenikweni, zonse tizilipira pa foni. Ayi ndithu, tengani ndalama m'thumba, zosinthasintha, wa njinga yamoto, wogulitsa nsomba pa doko, mayi wa zitumbuwa, onsewa amafuna ya m'manja, ndipo netiweki malo ena imabwera n'kupita. Sanatichenjezenso kuti ku Likoma n'koyenda pansi, magalimoto ndi owerengeka, njira ndi za mchenga ndi zokwera. Ngati muli ndi munthu wachikulire konzekerani ndalama ya njinga zamoto tsiku lililonse, ndipo nsapato zikhale zoyendera.

Tsiku la Lachinayi lija gaidi sanalole kuti lingopita. Titawasiya apongozi akupuma pa loji anatitenga kukwera chitunda china kumadzulo kukuzizira, pamwamba pake mbali iyi ukuona Chizumulu chomwe tinalephera kufikako, mbali inayo nyumba za ku Cobué ku Mozambique, pansi milambe ndi denga la tchalitchi. Pobwerera anatipititsa kwa mayi ake, anatikazingira chinangwa n'kumupatsa mwana malambe odzaza jumbo. Titafuna kusiya kenakake anakana, anati alendo a mwana wanga ndi alendo anga. Tinachita kukamupatsa mwana wawoyo tsiku lonyamuka.

Tinakwera Ilala Loweruka madzulo, nyanja idakali ndi mafunde, mwana anasanza kawiri ndiye amene muli ndi ana musawadyetse zamafuta musanakwere, ndipo tengani kajumbo. Lamulungu kusanache tinali pa Nkhata Bay, dalaivala wawo tinamupeza akutidikira kale, apa sanalakwitse.

Amene mukufuna kupita ndi anyamatawa pitani, koma musanalipire afunseni kuti mwera ukawomba pulani yawo ndi yotani ndipo akulembereni pa risiti kuti ndalama ya boti ibwezedwa liti, mutengenso nambala ya gaidi wa pachilumba osangodalira ya ku ofesi. Apongozi ayamba kale kusunga ndalama, akuti akufuna akakhaleko pa 29 Juni, tsiku la Petulo Woyera, ndipo akuti ulendo uno atenga amayi anzawo awiri a ku Mothers' Union. Andiuza kuti ndimuimbire mnyamata uja awapezere malo ogona kufupi ndi tchalitchi, kugombe kunawatalikira.